N'chifukwa chiyani galimoto yothamanga imapeza inzake kenako n'kukanirira kumbuyo?

Funso lochokera kwa wowerenga wa ku Mangochi: "Ine ndimakonza njinga zamoto pa Boma, ndipo Lamlungu masana timasonkhana ndi anzanga kuonera Formula 1. Tatsutsana kwa nthawi yaitali. Tikaona makanema akale pafoni, magalimoto a 2008 anali ndi nyanga paliponse, a 2014 mphuno zake zochititsa manyazi, a 2017 otambalala, a 2022 osalala ndi ofanana. Mnzanga wina akuti ndi fashoni chabe yokopera otsatsa malonda, wina akuti nkhani yonse ndi injini. Nanga bwanji galimoto yoti ikuthamanga kwambiri imapeza inzake n'kumangoitsatira osaipitirira? Malamulo amene amasinthasinthawa amathandizadi?"

Achimwene, mnzanu wa fashoniyo mumuuze kuti pagalimoto ya Formula 1 otsatsa malonda amalamulira penti ndi zilembo basi. China chilichonse chimene diso likuona, kupindika kwa mphuno, kutambalala kwa phiko, kabowo kali m'mbali, chilipo chifukwa cha chiganizo china chake m'buku la malamulo la FIA, bungwe loyendetsa mipikisano ya magalimoto, komanso chifukwa cha injiniya amene anakhala pansi n'kufufuza pamene chiganizocho chasiya mpata. Wa injiniyo mfundo ali nayo, makamaka tikanena za 2014 pomwe Mercedes inabwera ndi injini yoposa ena onse n'kuyamba kutenga zikho motsatizana. Koma matimu angapo amagula injini yamtundu umodzi kufakitale imodzi, wina n'kumapambana, wina n'kumatsalira kumchira. Kusiyana kumeneko kumachokera mumpweya.

Nthawi yambiri imapindulidwa pamakona. Kuti galimoto ikhote pa liwiro lalikulu osaterereka, matayala ayenera kukanikizidwa paphula mwamphamvu. Mutha kuwakanikiza poilemeretsa galimotoyo, koma kulemera kumaichedwetsa ponyamuka ndi poima. Njira yanzeru ndi kubwereka mphamvu ya mpweya. Phiko la ndege analipanga kuti mpweya uzilikweza. Mukalitembenuza chadodolido, mpweya womwewo umalikankhira pansi. Imeneyi ndiyo downforce imene olengeza pa TV sakhala mphindi osaitchula. Khalidwe lake ndi lakuti liwiro likawirikiza kawiri, iyo imawirikiza kanayi. N'chifukwa chake galimotoyi imagwira pansi bwino pakona ya makilomita 250 pa ola kuposa pakona ya 70, zimene kwa inu ozolowera njinga zamoto zikumveka ngati bodza. Mtengo wake ndi wakuti phiko lalikulu limakokeranso galimoto m'mbuyo ikafika powongoka. Yerekezani galimoto imodzimodzi ku Monaco ndi ku Monza: ku Monaco phiko lakumbuyo limakhala lalikulu ndi loimirira, ku Monza kamakhala kapyapyala kogona. Ku Mexico City bwalo lili pamtunda wa mamita oposa 2,200, pomwe ife kunyanja kuno sitifika ndi 500 omwe, ndipo mpweya wakumeneko ndi wopepuka moti amamanga mapiko a ku Monaco n'kupeza downforce yonga ya ku Monza.

Tsopano funso lanu lenileni. Mukaima pa mlatho wa Bakili Muluzi n'kuyang'ana boti la injini likukwera Shire, onani zimene limasiya. Kutsogolo kwake madzi ali bata. Kumbuyo kuli thovu, madzi ozungulirazungulira, ndi mafunde awiri otambalala kulowera kumagombe. Msodzi wa pabwato akapezeka m'menemo nkhafi yake sigwira madzi monga mwa masiku onse. Galimoto ya Formula 1 imachita zomwezo ndi mpweya. Yakutsogolo imalandira mpweya wodekha, umene mapiko ake anapangidwira. Yakumbuyo imalandira wovunduka, woyenda mozungulira, ndiponso wokokedwa kale kulowera komwe magalimoto akupita, moti suwomba mapiko ndi mphamvu yonse. Powongoka zimenezi zimamukomera wotsatirayo, chifukwa palibe chomutchinga ndipo amayandikira mosavuta. Pakona ndiye tsoka. Phiko lakutsogolo ndi limene limayamba kufooka. Dalaivala akapotoza chiwongolero mphuno imakana kulowa, matayala akutsogolo amakhuluzika paphula, amatentha, ndipo akatentha mopitirira amasiya kugwira. Mabuleki ndi injini nazonso zimakhala zikupuma mpweya wotentha wa mnzake uja. Akazungulira bwalo katatu kanayi ali pamenepo, mumamva injiniya wake pawailesi akumuuza kuti abwerere m'mbuyo pang'ono kuti matayala azizire. Ngakhale akakamire, potuluka pakona yomaliza amakhala atatsalira kale, msewu wowongoka n'kutha asanafike pambali pa mnzakeyo.

Eni ake a Formula 1 anatulutsa ziwerengero zake. Galimoto ya 2021 inkataya 35 peresenti ya downforce ikakhala mamita 20 kumbuyo kwa inzake, ndi 47 peresenti pa mamita 10. Kutaya pafupifupi theka la mphamvu yogwirira pansi kukutanthauza kuti kuposa mnzako pang'ono sikokwanira. Uyenera kumuposa kwambiri. Fufuzani kanema wa mpikisano womaliza wa 2010 ku Abu Dhabi. Fernando Alonso, ali pa Ferrari ndipo akutsogola pa mapointi a chaka chonse, anatuluka kosintha matayala n'kupezeka kumbuyo kwa Renault ya Vitaly Petrov. Anakhala pomwepo mpaka mbendera, anamaliza pa nambala 7, ukatswiri n'kupita kwa Sebastian Vettel.

Pakati pa nkhani yonseyi pali mkangano umodzi umene sutha. Wolemba malamulo amafuna galimoto yosiya mpweya wabwinoko kumbuyo. Injiniya wa timu salipidwa kuti galimoto ya mdani wake izitsatira bwino. Mu wind tunnel, chipinda chimene amaombetsa mphepo pa kachifanizo ka galimoto, iye amayesa galimoto yake ili yokha. Mutu wake waukulu ndi matayala akutsogolo: ali pamtunda, osaphimbidwa, akuzungulira, ndipo amavundula mpweya koopsa. Safuna chipwirikiti chimenechi chilowe kunsi kwa galimoto yake, choncho amachikankhira kunja, m'mbali. Kwa iye zatheka. Kwa wakumbuyo, mpweya woipa uja wadzaza msewu wonse, palibenso pothawira.

Zakale tingodutsamo. Mapiko anayamba kuoneka mu 1968 pa Lotus, Ferrari ndi Brabham, ndipo pasanathe chaka anali atakwezedwa pa timitengo tachitsulo titalitali. Mu 1969 ku Barcelona, mumsewu wa Montjuïc, phiko la Graham Hill linathyoka iye n'kuchita ngozi. Posakhalitsa la Jochen Rindt linathyokanso pamalo omwewo n'kukawomba galimoto ya Hill ija. Pampikisano wotsatira ku Monaco mapiko aataliwo analetsedwa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Lotus ya Colin Chapman inazindikira kuti kunsi kwa galimoto kungagwire ntchito yoposa mapiko. Anaumba ngalande ziwiri kunsiko, zopapatiza pakati, zotambalala kumbuyo. Mpweya ukamadutsa popapatiza umathamanga, ukathamanga mphamvu yake yokankha imachepa, ndiye galimoto imayamwidwira pansi. M'mbali anaikamo timatabwa tokhudza phula, totchedwa masiketi, kuti mpweya wakunja usalowemo. Mario Andretti anatenga ukatswiri wa 1978 pa Lotus 79.

Munthu amene ndimakonda kumutchula pa nthawi imeneyi ndi Gordon Murray, wobadwira ku Durban, amene ankapanga magalimoto a Brabham. Mu 1978 anamanga fani yaikulu kumbuyo kwa galimoto yoyamwa mpweya kunsi, n'kunena ndi nkhope youma kuti ntchito yake yaikulu ndi kuziziritsa injini. Niki Lauda anapambana nayo ku Sweden, ndipo sinathamangenso. Mu 1981 lamulo litati galimoto izikhala masentimita 6 kuchokera pansi, Murray anapanga zoti izitsika ikalowa m'bwalo n'kudzikweza ikabwerera koyezera. Koma masiketi anali oopsa, chifukwa ikangonyamuka imodzi pabampu mphamvu yonse inkatha nthawi yomweyo. Mu 1983 analamula kuti kunsi kukhale kwafulati, ndipo mimba zazitali zam'mbali mwa galimoto, zimene zinkasunga ngalande zija, zinafota chaka chomwecho chifukwa zinalibenso ntchito.

Ayrton Senna ndi Roland Ratzenberger atamwalira ku Imola mu 1994, FIA inalamula thabwa la mamilimita 10 kunsi kwa galimoto, loti likaperepeseka kupitirira milimita imodzi ndiye kuti galimotoyo inatsitsidwa mopyola muyeso. Michael Schumacher analandidwa chipambano ku Spa chaka chomwecho pa mlandu umenewu, ndipo Lewis Hamilton ndi Charles Leclerc anachotsedwa pa zotsatira ku Austin mu 2023 chifukwa cha thabwa lomweli. Timoto timene mumaona tikuthetheka kunsi usiku ndi tizitsulo ta titanium tokhomedwa m'thabwalo. Mu 1998 anachepetsa kutambalala kwa galimoto kuchoka pa mamita 2 kufika 1.8, n'kulemba mizere m'matayala kuti asamagwire kwambiri. Liwiro anafuna kulichepetsa, koma pochotsa mphamvu ya tayala anachititsa kuti galimoto idalire kwambiri mapiko, amene ndi omwe amafooka kumbuyo kwa mnzako.

Nyanga za 2008 zija zinabwera motere. Malamulo a nthawiyo ankalembedwa ngati mabokosi: m'dera ili musaikemo kanthu, phiko lisapitirire mzere uwu. Paliponse pamene sipanatchulidwe panali paulere. Chaka ndi chaka FIA inkadula mapiko akuluakulu, mainjiniya n'kumabweza zotayikazo ndi timapiko ting'onoting'ono pamphuno, pamimba, pamwamba pa injini. Kalikonse kanali ndi ntchito yokonzera mpweya kamnzake kakumbuyo, ndipo dongosolo lolukanalukana chotero silichedwa kusokonekera mpweya wolowa ukangovunduka.

Mu 2009 anasesa zonsezo. Phiko lakutsogolo analitsitsa n'kulitambalitsa kufika mamita 1.8, lakumbuyo analipapatiza n'kulikweza, matayala osalemba mizere anabwerera. Cholinga chinali kupitirirana. Zotsatira zake ndi phunziro labwino la mmene lamulo limathawira eni ake. Choyamba, Brawn, Toyota ndi Williams anawerenga chiganizo chonena za diffuser, mbali yakumbuyo ya kunsi kumene mpweya umatulukira, n'kupeza kuti angathe kuboola njira yachiwiri pamwamba pa yoyamba. Matimu ena anadandaula, khoti la FIA linati n'zololedwa. Brawn, timu yotoledwa pa zotsala za Honda imene inali itangochoka, inapambana mipikisano 6 mwa 7 yoyamba ndi Jenson Button, n'kutenga zikho zonse ziwiri. Chachiwiri, chomwe chinavulaza kwa zaka zambiri, n'chakuti phiko lotambalala lija tsopano linali kutsogolo kwenikweni kwa matayala. Mainjiniya anaona mwayi wopinda nsonga zake kuti zizikankhira mpweya kunja kwa tayala. Lamulo lofuna kuyeretsa mpweya ndi lomwe linawapatsa chida chouvundulira m'mbali.

Za mphuno zochititsa manyazi zija, musawaseke mainjiniya, sekani chiganizo. Iwo amafuna kutsogolo kwa galimoto kukhale pamwamba kuti mpweya wambiri ulowe kunsi. FIA imaopa mphuno yam'mwamba, chifukwa ikagunda galimoto ina cham'mbali ili pa msinkhu wa mutu wa dalaivala, ndipo ikagunda tayala lakumbuyo galimoto imauluka, monga anachitira Mark Webber ku Valencia mu 2010. Mu 2012 analamula kuti mphuno isapitirire masentimita 55, koma thupi la galimoto kumbuyo kwake analilola kufika 62.5. Matimu ambiri anangosiya sitepe pakati. Mu 2014 anati nsonga ya mphuno itsike kufika masentimita 18.5 ndipo ikhale ndi kunenepa kwakutikwakuti. Sananene kuti mphuno yonse itsike bwanji. Ndiye anthu anasiya mphuno yeniyeni m'mwamba n'kutulutsa kachala kamodzi kokakhudza muyesowo. Caterham, Toro Rosso ndi Force India ndi amene anasekedwa kwambiri. Lotus inatulutsa zala ziwiri, china chachitali kuposa chinzake, kuti chachitalicho chokha chiwerengedwe ngati nsonga. Chaka chotsatira chiganizocho chinalembedwanso.

DRS inabwera mu 2011. Ukakhala mkati mwa sekondi imodzi kumbuyo kwa mnzako pamalo oyezera, unkaloledwa kutsegula phiko lakumbuyo powongoka kuti mpweya usakukoke. Kunena mosabisa, kumeneku kunali kuvomera kuti vuto lapakona lawakanika, ndiye angomubwezera wotsatirayo powongoka. Inathandiza, koma inabweretsa zake. Malo ena kupitirira kunakhala kophweka mwakuti wakutsogolo analibe chodzitetezera. Malo ena magalimoto asanu ankandandalikana, aliyense atatsegula phiko, palibe wopindula. Carlos Sainz anagwiritsa ntchito zimenezi mochenjera ku Singapore mu 2023: anachepetsa liwiro dala kuti Lando Norris akhale mkati mwa sekondi yake, apeze DRS, n'kumutchingira ma Mercedes awiri amene ankabwera ndi matayala atsopano.

Chaka chimene ine ndimati anaphonya akuona ndi 2017. Kunali kudandaula kuti magalimoto achepa liwiro ndipo sakuopsanso, ndiye anawabwezera pa mamita 2, matayala anakula ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, phiko lakumbuyo linatsika n'kutambalala, ndipo dera lakumbuyo kwa matayala akutsogolo linatsegulidwa kuti aikemo zimene akufuna. Kukongola anakongoladi, ndipo anathamanga kuposa kale lonse. Mu 2020 Hamilton anazungulira Monza pa avareji yoposa makilomita 264 pa ola. Koma madalaivala anachenjeza chisanayambike chakacho kuti kutsatirana kuvuta, ndipo kupitirirana kunatsika pafupifupi ndi theka poyerekeza ndi 2016. Pa TV simungasiyanitse galimoto yozungulira pa mphindi imodzi ndi masekondi 20 ndi ina ya masekondi 24. Chimene mumaona ndi ngati awiri akulimbana kapena ayi.

Malamulo a 2022, amene anayenera kuyamba 2021 koma anachedwa ndi mliri wa Covid-19, anali oyamba kulembedwa pambuyo pa kafukufuku weniweni wa magalimoto awiri otsatizana. Formula 1 inalemba ntchito mainjiniya akeake, motsogozedwa ndi Ross Brawn, mkulu wa timu ya Brawn ija, ndi Pat Symonds, anthu odziwa mmene mipata imapezekera chifukwa anaipezapo okha. Maganizo awo anali awiri. Loyamba, downforce yambiri ichokere kunsi, m'ngalande zonga za 1978 koma zopanda masiketi, chifukwa kunsi sikufooka msanga ngati mapiko. Lachiwiri, mpweya wovunduka usakankhidwire m'mbali. Uzikhala pafupi ndi thupi la galimoto, phiko lakumbuyo liukoke n'kuuponya m'mwamba kuti udutse pamutu pa wotsatirayo. Mukadziwa zimenezi, maonekedwe onse amamveka. Nsonga zopindika za phiko lakumbuyo, zophimba pa marimu amene anakula kuchoka mainchesi 13 kufika 18, timapiko tiwiri pamwamba pa matayala akutsogolo, kusowa kwa nkhalango ya tizidutswa m'mbali, zonsezi zinali zoletsa injiniya kutaya zinyalala zake pakhomo pa mnzake. Chiyembekezo chawo chinali chakuti wotsatira azitaya 4 peresenti yokha pa mamita 20 ndi 18 peresenti pa mamita 10.

Poyamba zinatheka. Ku Bahrain, mpikisano woyamba, Leclerc ndi Max Verstappen anapitirirana mobwezerana maraundi atatu otsatizana, ndipo wopitiriridwayo ankatha kukhala pafupi n'kubwezera, chinthu chimene chinali chitasowa. Ku Jeddah sabata yotsatira zinalinso chimodzimodzi. Koma kunsi kunabwera ndi matenda ake akale. Liwiro likamakwera galimoto imayamwidwira pansi, mpata umachepa, kuyamwako kumakula, mpaka mpata utachepa kwambiri moti mpweya ulephera kudutsa. Mphamvu imatha, masipuling'i amaikankhira m'mwamba, mpweya umayambanso kudutsa, iyo n'kugwanso, kangapo pa sekondi imodzi. Ku Baku chaka chimenecho Hamilton anatuluka m'galimoto atagwira msana. Mankhwala ake anali kuumitsa masipuling'i kapena kuikweza galimoto n'kutaya liwiro. Inu amene mumasintha mashoko tsiku ndi tsiku mukudziwa chimene kuumitsa kumachita pa mabampu. Kuonjezera apo magalimotowa ankalemera makilogalamu 798, moti pamakona ang'onoang'ono ankakhota mwaulesi. Matimu anafika popala penti kuti apepukidwe, n'chifukwa chake ambiri ankaoneka akuda.

Mu 2023 FIA inakweza m'mphepete mwa kunsi ndi mamilimita 15 kuti kudumpha kuchepe. Pa nthawi yomweyo mainjiniya anali atapeza kale njira zatsopano zokankhira mpweya kunja, kudzera pa nsonga za phiko lakutsogolo, m'mphepete mwa kunsi, ndi m'timabowo toziziritsira mabuleki. Pofika 2024 ndi 2025 madalaivala anali atayambiranso nyimbo yakale yoti kutsatira n'kovuta, ndipo FIA yomwe inavomera kuti mipata ina inaisiya yosatseka.

Kufanana kumene mukunenako kuli ndi zifukwa ziwiri. Malamulo a 2022 anapanikiza kwambiri, mpaka kunena mmene mbali zina ziyenera kupindikira, choncho poyambira pake mpata unali wochepa. Komabe chaka choyamba panali mayankho atatu osiyana: Ferrari inakumba mabeseni pamwamba pa mimba zam'mbali, Red Bull inazitsetsereka kulowera pansi kumbuyo, Mercedes inangotsala pang'ono kuzichotseratu. Red Bull itayamba kupambana, mpaka kutenga mipikisano 21 mwa 22 mu 2023, aliyense anatsata njira yake, ndipo Mercedes inasiya yakeyo ku Monaco chaka chomwecho. Apa pali chinthu chimene anthu amachiiwala. Malamulo akakhalitsa, mpweya umaipa koma matimu amayandikirana, chifukwa onse amatha kukopera. Malamulo akasintha, mpweya umayera koma nthawi zambiri timu imodzi imapeza yankho msanga n'kuthawa, monga Brawn mu 2009 ndi Red Bull mu 2022. Pofuna kufewetsa zimenezi, timu imene ili pamwamba imapatsidwa nthawi yochepa mu wind tunnel, 70 peresenti ya muyeso, pomwe yakumchira imapatsidwa 115, komanso kuyambira 2021 pali malire a ndalama zimene timu ingagwiritse ntchito.

Kuti muone kuti si Formula 1 yokha, yang'anani IndyCar ya ku America, kumene onse amathamanga pa thupi limodzi lopangidwa ndi Dallara. Mu 2015 analola Honda ndi Chevrolet kupanga mapiko awoawo. Magalimoto anadzaza tizidutswa, ndalama zinapita zambiri, ndipo pokonzekera Indianapolis 500 chaka chimenecho magalimoto atatu a Chevrolet anauluka atatembenuka chammbuyo. Mu 2018 anabwerera ku mapiko ofanana kwa onse, osavuta, mphamvu yambiri ikuchokera kunsi. Kumeneko vutoli ndi losavuta kulithetsa chifukwa palibe injiniya wololedwa kubwezeretsa chimene lamulo lachotsa. Formula 1 singatsate njira imeneyo osataya chimene chimaisiyanitsa, choti timu iliyonse imapanga galimoto yake.

Malamulo a 2026 ndi osiyana ndi onse tatchulawa, chifukwa anayambira ku injini, ndipo apa mnzanu wa injini uja akhoza kumwetulira. Mphamvu yamagetsi inakwera kuchoka pa makilowati 120 kufika 350, pafupifupi theka la mphamvu yonse, pomwe ya mafuta inatsika. Batire silingathe kukankha galimoto ya mapiko oimirira msewu wowongoka wonse osatha. Choncho analola mapiko onse awiri, lakutsogolo ndi lakumbuyo, kuti azigona powongoka n'kuimirira pakona, kwa dalaivala aliyense, kaya akutsatira munthu kaya ayi. DRS inathera pomwepo; wotsatira mkati mwa sekondi imodzi amapatsidwa magetsi owonjezera m'malo mwake. Galimoto inachepa kufika mamita 1.9 m'lifupi, mtunda wa pakati pa magudumu akutsogolo ndi akumbuyo unatsika kuchoka 3.6 kufika 3.4, kulemera kochepetsetsa kololedwa ndi makilogalamu 768, ndipo ngalande zakunsi zinaphwathalala. Phiko lakutsogolo analipapatiza, n'kuika timatabwa m'mbali tokokera mpweya wa matayala mkati. Kuchepetsa thupi ndikugwirizana nako kwambiri, ngakhale ndikanakonda akanadula zambiri. Ku Monaco mu 2024 madalaivala 10 oyambirira anamaliza mundondomeko yomwe ananyamukira, ndipo pamenepo vuto silinali mpweya wokha. Galimoto yotalika kupitirira mamita 5 ilibe podutsa m'misewu imeneyo.

Ndiye malamulo amathandiza, koma mphamvu yake imakhala ya zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo simuyenera kuiyeza powerenga kuti apitirirana kangati. Kupitirira kwa batani powongoka kutha kuchuluka mpweya uli woipabe. Yang'anani manambala a mipata amene amakhala kumanzere kwa sikirini. Sankhani awiri amene akutsatizana, muone ngati wakumbuyo akutha kukhala pansi pa sekondi imodzi kwa maraundi asanu kapena kuposa osabwerera m'mbuyo. Kenako muwaone pamakona othamanga otsatizana, monga Maggotts ndi Becketts ku Silverstone, kapena makona okhotakhota a gawo loyamba ku Suzuka. Kamera ikakhala pa chipewa cha wotsatirayo, penyani manja ake: ngati akupotoza chiwongolero kamodzi galimoto n'kulowa, mpweya uli bwino, ngati akupotoza, kudikira, n'kuwonjezeranso, mphuno ikukana. Mipikisano yambiri ya ku Ulaya imayamba 3 koloko masana nthawi yathu yomweyi, koma wa ku Suzuka mudzafunika kudzuka m'mamawa ndi kumugogodera mwini vidiyo sho.